MANO OBZALA NAONSO AMADWALA: NKHANI YAGONA PA PFUPA LA NSAGWADA

Kwa zaka zambiri munthu amene dzino lace linaguluka, kapena amene anakalizulitsa ku cipatala, anali ndi njira ziwiri cabe: kukhala ndi mpata m'kamwa moyo wace wonse, kapena kupangitsa mano obvala aja amene amagona m'kapu ya madzi usiku. Masiku ano mu mzinda wa Lusaka mwamveka njira yacitatu. Zipatala zina za mano zimene siziri za Boma zirikulengeza kuti zingathe kubzala dzino latsopano m'nsagwada, dzino losacoka, lotafuna cimanga cokazinga monga dzino lobadwa nalo. Mbiri imeneyi yafika ndi m'makomboni momwe, ndipo mwana wokhala ku Bauleni kapena ku Mtendere amene nchito yamuyendera bwino angathe kuyamba kuganiza zoitana amai ace kucokera ku Katete kapena ku Petauke kuti adzawabzalitse mano.

Maganizo otere ndi abwino ndithu, koma pali mau awiri amene olengeza sawanena mokweza. Oyamba ndi akuti dzino lobzala silingaime pamene pfupa la nsagwada linatha kale. Aciwiri ndi akuti nalonso limadwala, ndipo likadwala limadya pfupa lomwe lija limene linaligwira. Tifuna kuti awerengi athu amvetse bwino zinthu ziwirizi asanagulitse ng'ombe, ndiponso kuti aone cifukwa cace nkhani yooneka ngati ya anthu a kumayadi ikhudza ngakhale munthu amene sadzabzalitsa dzino mpaka kale-kale.

CIYAMBI CACE

Dzino lobzala, limene madotolo m'Cingerezi amati implant, liri ndi mbali ziwiri. Pansi pali kacitsulo konga msomali wa mazinga, kotalika pafupi-fupi sentimita imodzi, kamene dotolo amakalowetsa m'nsagwada ataboola pfupa ndi makina. Pamwamba pace amabvekapo cisoti coyera cooneka ngati dzino. Kacitsuloko kamapangidwa ndi citsulo ca mtundu wa titanium, cimene thupi la munthu silikangana naco.

Nzeru imeneyi inacokera ku Sweden. M'caka ca 1952 dotolo wina dzina lace Per-Ingvar Brånemark anali kufufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, ndipo anaika tizipangizo ta titanium m'miyendo yao. Pamene anafuna kuticotsa anapeza kuti pfupa lamera nkugwirana ndi citsulo kotero kuti sizikanalekanitsika. M'caka ca 1965, mu mzinda wa Gothenburg, anabzala tizitsulo totere m'kamwa mwa munthu woyamba, Gösta Larsson, ndipo bamboyu anamwalira m'caka ca 2006 tizitsulo tija tidakali m'malo mwace. Madotolo a maiko ena anayamba akayika, koma utatha msonkhano wa ku Toronto m'caka ca 1982 njirayi inafala pa dziko lonse. Cotero si yabodza ai. Mwa mano 10 obzalidwa bwino, oposa 9 amakhala adakali m'kamwa patapita zaka 10. Koma taonani kuti mphamvu yace yonse iri m'pfupa. Citsulo pacokha ciribe muzu.

KODI PFUPA LIMAPITA KUTI?

Mlimi aliyense adziwa cimene cimacitika pa gombe la mtsinje akadula mitengo imene mizu yace inagwira dothi. Mvula ya caka cimodzi ikwanira kukokolola gombelo. M'kamwa mumacitika zofanana. Mbali ya nsagwada imene imagwira mano iripo kaamba ka manowo. Nthawi iriyonse pamene munthu atafuna, muzu wa dzino umakankha pfupa pang'ono, ndipo thupi limamva kuti pfupalo liri pa nchito, nkumalikonzanso. Dzino likazulidwa, thupi limayamba kusungunula pfupa la pamalopo pang'ono-pang'ono, popanda ululu uliwonse.

Madotolo a ku Denmark anapima zimenezi nkulengeza m'caka ca 2003 kuti m'miyezi 12 dzino litazulidwa, kunenepa kwa pfupa la pamalopo kumacepa ndi theka, ndipo magawo awiri mwa atatu a kucepako amacitika m'miyezi itatu yoyamba. Ici ndico cifukwa cace masaya a agogo amene anatha mano amalowa m'kati, cibwano nkumayandikira mphuno. Ndiconso cifukwa cace mano obvala amene anakwana bwino caka catha ayamba kugwedera caka cino. Tsono amai amene anazulitsa mano zaka khumi zapitazo akafika kwa dotolo wobzala mano, cithunzi ca X-ray cingathe kuonetsa pfupa lopyapyala ngati mpeni, lopanda poimika msomali.

Pfupa limathanso mano adakalimo. Matenda a usinini, amene kwathu timati ciseyeye, amayamba ndi magazi pa mswaci ndi pfungo m'kamwa, koma akakhalitsa amatsikira pansi nkudya pfupa, mano nkuyamba kugwedezeka ngakhale alibe bowo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'lipoti lace la 2022 kuti anthu pafupi-fupi 1 biliyoni ali ndi matenda amenewa ofika poipa. Ambiri a ife timayesa kuti ndi ukalamba cabe.

MMENE DZINO LOBZALA LIMADWALIRA

Dzino lobadwa nalo silinamatidwe ku pfupa monga njerwa ndi simenti. Pakati pa muzu ndi pfupa pali tiulusi tambirimbiri tokhala ndi magazi ndi mitsempha, timene timagwira dzino, timamva kuwawa, ndiponso timathandiza kulimbana ndi tizilombo. Dzino lobzala liribe tiulusi timeneti. Litsiro likaunjikana m'mphepete mwace, tizilombo timatsika msanga, ndipo mwini wace kawiri-kawiri samva kanthu kufikira zinthu zitaipa. Akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: cisoti cingakhale coyera mbee pamene pansi pace pfupa lirikusungunuka.

Akatswiri a ku Ulaya ndi ku America atakumana ku Chicago m'caka ca 2017 anagwirizana zogawa matendawa pawiri. Gawo loyamba ndi pamene usinini wokha watupa, wafiira ndipo utuluka magazi ukakhudzidwa, koma pfupa lidakali bwino. Apa munthu angathe kucira kotheratu ngati malowo atsukidwa bwino. Gawo laciwiri, limene amati peri-implantitis, ndi pamene pfupa layamba kudyeka mozungulira kacitsulo, nkusiya dzenje longa kambale, nthawi zina lotuluka mafinya. M'caka ca 2015 ofufuza awiri, Jan Derks ndi Cristiano Tomasi, anasonkhanitsa zimene anzao anapeza m'maiko osiyana-siyana, ndipo anaona kuti mwa anthu 100 obzalitsa mano, pafupi-fupi 43 anali ndi gawo loyamba ndipo 22 anali ndi laciwiri. Awiriwa ndi a ku Gothenburg komwe kuja kumene njirayi inabadwira, cotero sitinganene kuti ndi adani ace. Tikumbukirenso kuti ambiri mwa anthu amene anawerengedwa ndi a m'maiko mmene madzi ali m'nyumba ndipo dotolo wa mano ali pafupi.

Mano ena amakana pa ciyambi pomwe, m'miyezi yoyamba, pfupa lisanagwirane ndi citsulo: mwina pfupa linapsa poboola, mwina bala linalowa tizilombo, mwina munthu anayamba kutafunirapo msanga. Koma ambiri amadwala patapita zaka. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi munthu amene anataya mano ace kaamba ka ciseyeye ndipo sanacize, pakuti tizilombo tomwe tija timasamukira pa dzino latsopano. Wina ndi amene satsuka bwino ndipo sabwereranso kukapimitsa. Kusuta fodya ndi matenda a shuga osasamalidwa zimacedwetsa kupola kwa mabala m'kamwa, ndipo nsunko umene amai ena amaika kuseri kwa mlomo nawo umaononga usinini. Colakwa cina cimakhala ca dotolo mwini: kacitsulo koikidwa mopendeka, cisoti copangidwa moti mswaci sungafike pansi pace, kapena zomatira zotsalira pansi pa usinini.

KUCIZA KWACE

Pano tinene mosabisa: kuciza dzino lobzala ndi nchito yobvuta kuposa kulibzala. Mazinga aja amene anathandiza kacitsulo kugwira pfupa ndiwo amasanduka mapanga a tizilombo pfupa likacoka. Malangizo amene akatswiri a matenda a usinini a ku Ulaya anatulutsa m'caka ca 2023 ati dotolo ayambe ndi kutsuka malowo ndi zipangizo osang'amba, aphunzitse wodwala katsukidwe, akonze cisoti ngati ndico cibisa litsiro, ndipo patapita milungu ingapo apimenso. Ngati magazi ndi mafinya zidakalipo, pamenepo ndiye ang'ambe usinini, acotse mnofu wobvunda, atsuke kacitsulo konse. Nthawi zina amapala mazinga amene ali poyera kuti pakhale posalala. Ngati dzenje liri ndi makoma bwino, amalidzaza ndi tizidutswa ta pfupa nkusokerera. Ngakhale zonsezi zitacitika, matendawa angathe kubwerera, ndipo munthuyo ayenera kumapita kukatsukitsa miyezi ingapo iriyonse kwa moyo wace wonse.

Makapisozi ogula pa kantemba sangacize matenda amenewa. Angathe kuphwetsa cotupa kwa masiku ocepa, koma litsiro lomamatira pa citsulo silicoka ndi mankhwala akumwa, ndipo pfupa limapitiriza kutha mwakacetecete. Ndipo dzino lobzala likayamba kugwedezeka ndi kacitsulo kace komwe, palibe mankhwala olibwezera. Liyenera kucotsedwa, ndipo limasiya dzenje lalikulu kuposa limene dzino loyamba linasiya.

KUBWEZA PFUPA

Kodi pfupa lotha lingabwezedwe? Inde, koma mwa muyeso. Dotolo angathe kutenga kapfupa kwa munthu yemweyo, kuseri kwa nsagwada, pa cibwano, kapena m'ciuno ngati pafunika lambiri. Angathenso kugwiritsa nchito pfupa la munthu wina lokonzedwa bwino, kapena la ng'ombe limene lacotsedwa zonse zamoyo nkutsala mwala wace wokha, kapena lopangidwa m'fakitale. Tizidutswa timeneti sitisanduka pfupa tokha. Timakhala ngati thandala limene mlimi amamangira mphonda kuti ziyangepo: mitsempha ya magazi ndi pfupa la munthuyo zimayanga pamenepo pang'ono-pang'ono. Pamwamba amaphimba ndi kansalu kopyapyala kuti mnofu, umene umamera msanga kuposa pfupa, usalande malo. Tinsalu tambiri totere timapangidwa ndi khungu la nkhumba kapena la ng'ombe, cotero amene cipembedzo cace ciletsa nyama zina ali ndi ufulu wofunsa asanagone pa mpando.

Kupola kwace kumatenga miyezi inai kufikira isanu ndi inai, ndipo pambuyo pace mpamene kacitsulo kangabzalidwenso, kenaka kudikiranso miyezi ina. Ku nsagwada ya pamwamba, ca kumbuyo, kuli mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno. Pfupa likacepa pamenepo madotolo amakweza pansi pa mphakoyo nkuikapo tizidutswa, njira imene Philip Boyne ndi Robert James anailemba m'caka ca 1980. Kunenepetsa pfupa lopyapyala kumatheka kawiri-kawiri, koma kulikweza m'mwamba pamene linatsika ndi kobvuta zedi, ndipo wosuta fodya kapena wa shuga wokwera cingathe kumukanika.

Pali anthu enanso amene amataya nsagwada mwa njira yoopsa kuposa iyi, ndipo amenewa ndiwo ofunika kuwakumbukira kwambiri m'dziko lathu. Ena amabvulala pa ngozi za pamseu. Ena amamera cotupa ca m'pfupa cimene cimakula pang'ono-pang'ono kwa zaka popanda kuwawa, ndipo kaamba kakuti siciwawa amacedwa kwa asing'anga kufikira nkhope itapotoka. Palinso matenda a noma, amene amadya tsaya ndi pfupa la ana ang'ono osowa zakudya, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa m'mwezi wa December 2023. Odwala otere amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga University Teaching Hospital. Madotolo a nsagwada angathe kudula mbali yodwala nkuikapo citsulo ndi pfupa la nthiti kapena la m'ciuno. Kuyambira 1989, pamene David Hidalgo anaonetsa njirayo ku New York, zipatala zokhala ndi zipangizo zokwanira zimatenganso pfupa laling'ono la kumwendo pamodzi ndi mitsempha yace nkulipinda kuti likhale nsagwada. Cotupa ca pa nsagwada cimene catha milungu iwiri cosaphwa ciyenera kuonedwa ku cipatala, cingakhale siciwawa.

TIKAIMA PA BAULENI

Komboni ya Bauleni iri m'mbali mwa mseu wa Leopards Hill, pafupi ndi mayadi a Woodlands ndi Kabulonga, kumene anthu ace ambiri amagwira nchito za m'nyumba, za m'dimba ndi za ulonda. Dzino limodzi lobzala limadya malipiro a miyezi yambiri a wanchito wotere, osawerengera kubweza pfupa. Kwa iye nkhondo yopulumutsa nsagwada imamenyedwa tsiku limene afika pa kiliniki dzino likumupweteka. Anthu athu amapirira kufikira dzino litabvunda ndi muzu womwe, ndipo akafika amapempha okha kuti lizulidwe. Wogwira nchito ya mano, pokhala ndi mzere wautali panja, kawiri-kawiri amaona kuti kuzula ndiko kwapafupi. Dzino lirilonse lozulidwa pamene likanamatidwa ndi ciyambi ca kukokoloka kuja tanena.

Zoona, zinthu zasinthako. Zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi ca m'komboni ya Chipata zinakuzidwa ndi thandizo la Boma la Japan, kotero kuti si onse ayenera kuthamangira ku University Teaching Hospital. Sukulu ya Dental Training School mu Lusaka yakhala ikuphunzitsa othandiza pa za mano ndi opanga mano obvala kwa zaka zambiri. Kufikira 2011 mwana wa m'Zambia wofuna kukhala dotolo wa mano anayenera kukaphunzira kunja, koma m'caka cimeneco Copperbelt University inatsegula sukulu ya udotolo ku Ndola imene iphunzitsanso za mano, ndipo tsopano Levy Mwanawasa Medical University nayo irikuphunzitsa. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la 2018 linabala bungwe la NHIMA, ndipo amene ali ndi khadi lace acita bwino kufunsa kuti ndi nchito ziti za mano zimene limalipira dzino lisanafike pozulidwa.

Maiko a m'bungwe la WHO anapangana m'caka ca 2021 kuti za m'kamwa zilowe m'cisamaliro coyamba ca umoyo, ndipo pambuyo pace anaika colinga cakuti pofika 2030 anthu 80 mwa 100 alionse akhale ndi ufulu wolandira thandizo lofunika la mano. M'caka comweco ca 2021 WHO inaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika zinthu zitatu za mtengo wocepa: mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, madzi opaka pa dzino oletsa kubvunda kupitirira, ndi phala lomatira mabowo la glass ionomer. Phala limeneli liri ndi mbiri ya kuno kwathu. Dotolo wa ku Netherlands, Jo Frencken, ali pa nchito ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, anayambitsa njira yokokota bowo ndi zipangizo za m'manja nkulimata popanda makina kapena magetsi, ndipo pambuyo pace inayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe. M'dziko limene magetsi anazima maola ambiri pa tsiku m'caka ca cilala ca 2024, njira yosadalira magetsi si yopeputsa. Ife tiona kuti ngati Unduna wa Zaumoyo uli ndi kwaca imodzi yoika pa mano a anthu a m'makomboni ndi kumidzi, iyenera kupita ku phala limeneli ndi ku kutsuka ciseyeye, kenaka ku zipinda za madotolo okonza nsagwada za obvulala ndi a zotupa. Mano obzala adikire.

Sititero kuti amene ali nazo ndalama asabzalitse. Koma safunsa anadya phula. Afunse ngati dotoloyo analembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Asalole kubzalidwa asanajambulidwe pfupa, asanapimidwe shuga, ndiponso ciseyeye ca mano otsala cisanacizidwe. Apemphe pepala lolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya kacitsulo, pakuti mitundu yace ndi yambirimbiri ndipo zomasulira za kampani ina sizilowa pa ina. Ici cikhudza makamaka amene amakabzalitsa ku India kapena ku South Africa: akabwerera kuno dzino nkuyamba kubvuta, dotolo wa mu Lusaka angathe kulephera ngakhale kumasula cisoti. Ndipo pfunso lalikulu koposa ndi ili: adzatsuka ndi kupima dzinolo ndani caka ndi caka, nanga likadwala adzalipira ndani?

Kwa amai aja ocokera ku Katete yankho lace liri poyera. Akabzalidwa mu Lusaka nkubwerera kumudzi, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 500, usinini ukayamba kutuluka magazi m'nyengo ya dzinja sadzakwera basi kudzapimitsa, ndipo kiliniki ya kwao iribe zipangizo zotsukira kacitsulo kotere. Mwana wao wa ku Bauleni adzawathandiza koposa akawacizitsa ciseyeye, kuwamatitsa mano amene adakalipo, ndi kuwapangitsira mano obvala okwana bwino, amene angathe kuwatsuka okha ndi sopo ndi madzi, ndi kuwakonzetsa pa cipatala ca m'cigawo cao pamene ayamba kugwedera.